Steam Deck yotsatira: adzatisiyira SSD yochotseka kapena adzaiwotcherera?

Kadzidzi
Abale anga, dzulo ndagona mochedwa ndikusamutsa magemu kuchoka mu SSD (chosungira mafayilo cha mkati mwa makina) kupita ku kadi ya microSD, ndiye maganizo anandipeza. Valve, kampani yopanga Steam Deck (kakompyuta ka m'manja kosewerera magemu), yakhala ikunena kuti sikufuna kumatulutsa Deck yatsopano chaka ndi chaka, idikira purosesa yamphamvu kwambiri kuposa ya panoyi koma yosamaliza batire. Anthu onse akukangana za purosesa ndi sikirini. Ine nkhawa yanga ili kwina, pamene timasunga magemu.

Tikumbutsane. Deck yoyamba inatuluka mu February 2022 ili mitundu itatu: 64GB ya eMMC (memori yochedwerapo), 256GB ndi 512GB za NVMe (SSD yothamanga). Zonse zitatuzo, ngakhale ya 64GB ija, zinali pa soketi ya M.2 2230, kutanthauza kuti umamasula sikuluwu imodzi n'kuchotsa. Deck ya sikirini ya OLED ya November 2023 inabwera ndi 512GB ndi 1TB, soketi yomweyo. Kenako Switch 2 ya Nintendo inatuluka mu June 2025 ndi 256GB ya UFS (memori ya mtundu wa m'mafoni) yowotcherera pa bolodi, yosachotseka, ndipo imangolandira makadi a microSD Express. Ndiye Valve idzatsata njira iti? Kukhalabe pa 2230, kukulitsa n'kufika pa 2280, kapena kuwotcherera ngati foni?

Bongololo_77
2280 basi, palibenso zokambirana. ASUS inayamba ndi 2230 mu ROG Ally ya 2023, makina ake a m'manja ofanana ndi Deck, chaka chotsatira mu Ally X inaika 2280. Ngati iwo anapeza malo, Valve ingalephere bwanji?

Namzeze
Pepani akuluakulu, ndine mlendo pa zimenezi. Manambala awa, 2230 ndi 2280, ndi liwiro kapena ndi chaka?

Chiphaliwali
Mwachita bwino kufunsa achemwali, safunsa anadya phula. Ndi muyezo chabe. Manambala awiri oyambawo ndi m'lifupi, enawo ndi m'litali, m'mamilimita. 2230 ndi 22 m'lifupi, 30 m'litali, kanthu kochepa ngati sitampa. 2280 ndi 22 m'lifupi, 80 m'litali, yomwe imapezeka m'malaputopu ambiri ndi mu PS5. Pali ina yapakati, 2242, yomwe Lenovo inaika mu Legion Go yoyamba. Liwiro ndi nkhani ina, limadalira PCIe, njira yomwe SSD imalumikizirana ndi purosesa.

Namzeze
Zikomo kwambiri. Ndiye yaitaliyo ubwino wake n'chiyani, poti zonse zimasunga zinthu?

Chiphaliwali
Pa yaitaliyo pali malo oikapo tchipisi tambiri ta memori, ndiye imafika 4TB mosavuta, pamene 2230 yambiri imathera pa 2TB. Komanso makampani amapanga za 2280 zochuluka zedi, mitundu yake ndi yambiri ndipo sivuta kupeza. Kutentha nakonso kumamwazikana pamalo aakulu.

Bongololo_77
Mwamva? Ndimanena zomwezo.

Mlenje
Achimwene a Bongololo, dekhani kaye. Ine ntchito yanga ndi yokonza zipangizo zoterezi, ndipo ndatsegulapo ma Deck angapo. Mkati muja mulibe malo ongokhala. Mamilimita 50 owonjezerawo ayenera kuchotsedwa penapake, ndipo chomwe chimaluza kawirikawiri ndi batire kapena njira ya mphepo yochokera ku fani. Ally X inakwanitsa chifukwa anakonzanso bolodi yonse ndipo makinawo analemerako pang'ono.

Kumbukiraninso za mu 2022, munthu wina ataika 2242 mu Deck n'kuonetsa zithunzi. Lawrence Yang wa ku Valve anayankha poyera kuti anthu asachite zimenezo. Chifukwa chake sichinali kuti SSD ikana kugwira ntchito. Chinali choti pafupi pomwepo pali tchipi yoyang'anira kutchaja, imatentha kwambiri, ndipo kuti SSD yaitali ikwane umayenera kusuntha timapadi tochotsa kutentha. Ananenanso kuti ma 2242 ambiri amakoka magetsi ochuluka kuposa omwe Deck inakonzedwera. Anthu oganiza choncho sangothamangira 2280 chifukwa mnzawo waika.

Bongololo_77
Koma ija inali Deck yakale, yomwe sanaikonzere zimenezo. Yatsopano adzaijambula kuyambira pachiyambi.

Mlenje
Zoona, ndipo akafuna akhoza. Ndikungoti pali mtengo wake wolipira mkati mwa makinawo. Inuyo mungasankhe chiyani pakati pa SSD yaitali ndi batire lalikulu? Deck yoyamba, ya sikirini ya LCD, inali ndi batire la 40Wh, OLED 50Wh, pomwe Ally X ili ndi 80Wh. Ine atandifunsa, malo aliwonse opezeka apite ku batire.

Gogo_wa_Magemu
Ana inu mukukangana za kutalika, ine mantha anga ndi ena. Ndinali ndi PSP, yomwe inkafuna Memory Stick Duo pomwe dziko lonse linali litasamukira ku SD. Itabwera Vita kumapeto kwa 2011, Sony inapanganso kadi yakeyake yosalowa m'zipangizo za makampani ena. Mpaka lero anthu akamakamba chomwe chinafooketsa Vita, kadi imeneyo imatchulidwa. Ngakhale Xbox Series X ndi S, ukafuna kuwonjezera malo othamanga umagula kadi yapadera yolowa kumbuyo. Ndiye kwa ine kaya 2230 kaya 2280, zilibe kanthu. Chachikulu ikhale yomwe ndingagule kwa wina aliyense n'kuikamo ndekha.

Kadzidzi
Agogo mwakhudza pomwe pakundinyerenyetsa. Sindikuganiza kuti Valve ingapange kadi yakeyake, si khalidwe lake. Koma UFS yowotcherera ndiyo ndikuiopa, chifukwa kwa wopanga ili ndi zokoma zambiri.

Tsokonombwe
Ndipo ndiloleni ndiime kumbali ya UFS, poti aliyense pano akuiona ngati mfiti.

Choyamba, UFS si eMMC. Anthu amazisokoneza chifukwa zonse zimapezeka m'mafoni. eMMC imachita chimodzi pa nthawi, kuwerenga kapena kulemba, ndipo ngakhale mtundu wake womaliza sudutsa 400 MB pa sekondi. UFS imawerenga ndi kulemba nthawi imodzi, ndipo imathamanga kangapo kuposa pamenepo. Chachiwiri, inapangidwira zinthu zoyendera batire, ndiye ikangokhala osagwira ntchito imadya magetsi ochepa kwambiri. Chachitatu, ndi kachidutswa kamodzi pa bolodi, popanda soketi, popanda sikuluwu, popanda chophimba.

Tsono ganizirani. Purosesa ya Deck imayenda pakati pa 4W ndi 15W. Ukamasewera kagemu kopepuka, makina onse akudya mawati ochepa, ndipo pamenepo wati imodzi yotayika mu SSD imaoneka pa batire. Inu mukufuna SSD ya laputopu m'chinthu chogwira m'manja?

Gogo_wa_Magemu
Nanga ikafa?

Tsokonombwe
Foni yanu inafa liti chifukwa cha memori, agogo? Batire ndi sikirini ndiye zimayamba kutha.

Mlenje
Zimafa bwana, ndaziona ndi maso anga. Si kawirikawiri, koma zikafa zowotcherera ndiye kuti bolodi yonse yapita, kapena ufune munthu wodziwa kugwiritsa mpweya wotentha ndi maikulosikopu. Pa soketi, mwana wa sukulu akhoza kusintha ndi sikuludiraiva. Komanso nkhani si kufa kokha. Foni siikoka gemu ya 100GB n'kuifufuta sabata yotsatira. Memori ya flash ili ndi malire a kangati ingalembedwe, ndipo yaing'ono imatha msanga kuposa yaikulu chifukwa maselo omwewo ndi omwe akulembedwa mobwerezabwereza.

Chinanso, Valve inagwirizana ndi iFixit, kampani yogulitsa zida zokonzera makina, mu 2022 kuti anthu azigula zipangizo zosinthira. Pa OLED anasintha masikuluwu akumbuyo kukhala a Torx olowa mu chitsulo, kusiya aja olowa mu pulasitiki omwe ankatha mano ukamasula kangapo. Kampani yomwe ikukonza makina kuti azitseguka bwino singadzuke mawa n'kuwotcherera SSD. Pamenepo ndingabetche.

Tsokonombwe
Komatu ndi Valve yomweyo yomwe inatulutsa kanema mu 2021 wosonyeza mkati mwa Deck n'kumachenjeza anthu kuti asatsegule.

Mlenje
Eetu, kwinaku akukuonetsa sikuluwu iliyonse pamene ili. Munthu wosafuna kuti ulowe m'nyumba sakuuza pomwe wabisa kiyi.

Nankabai
Ine ndabwera ndi funso lina. Nonse mukukamba za mkati, koma ambiri aife sitidzatsegula makina. Chomwe timakhudza ndi kadi. Deck zonse ziwiri zili pa UHS-I, muyezo wakale wa makadi a microSD, womwe malire ake ndi 104 MB pa sekondi. microSD Express imagwiritsa PCIe ndi NVMe ngati SSD, ndipo papepala imafika 985 MB pa sekondi. Muyezo wake unalengezedwa kale mu 2019, koma unangokhala opanda ougwiritsa mpaka Switch 2. Tsopano poti Nintendo yakakamiza anthu mamiliyoni kugula makadi amenewa, opanga ayamba kuwapanga ambiri. Valve ikadzatulutsa Deck ina ili pa UHS-I ndidzadabwa kwambiri.

Namzeze
Ndiye makadi anga akale adzakhala otaya? Ndili nawo atatu odzaza.

Nankabai
Ayi achemwali, siziyenera kutero. Malo olowetsa kadi a Express amatha kuwerenga kadi yakale, kungoti pa liwiro lakale. Nayonso kadi ya Express ukailowetsa m'makina akale imagwira, koma imatsika n'kuyenda ngati ya UHS-I. Pa Switch 2 Nintendo inachita kusankha kuti magemu asamayende pa makadi akale, umangotha kutengamo zithunzi ndi makanema. Maganizo awo ndi omveka, akufuna wopanga gemu adziwe liwiro lochepetsetsa lomwe wosewera aliyense ali nalo. Deck ndi kompyuta, magemu ake anapangidwira makina osiyanasiyana, ndiye Valve ilibe chifukwa chotsekera makadi akale.

Chiphaliwali
Koma Express imatentha, a Nankabai. Mwapanikiza SSD m'kanthu kochepa ngati chikhadabo, kopanda chochotsera kutentha. Ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Ndipo kumbukirani za Ally yoyamba, pomwe ASUS inavomereza mu 2023 kuti malo olowetsa kadi ankatha kusokonekera makina akatentha. Anali pafupi ndi potulukira mphepo yotentha, ndipo pa Ally X anawasuntha. Ija inali kadi wamba. Tsono ya Express pamalo olakwika ingatani?

Nankabai
Deck ili ndi malo a kadi pansi, mphepo yotentha imatulukira pamwamba. Pamenepo anaganiza bwino kale.

Bongololo_77
Mwasiya nkhani ya liwiro la SSD yeniyeniyo. Ine ndikufuna PCIe 5.0. Tikugula makina oti tikhale nawo zaka zisanu, bwanji atipatse zakale?

Kadzidzi
Achimwene, Gen 5 (PCIe 5.0) m'manja? Mukufuna kuwotha moto?

Chiphaliwali
Tiyeni tiwerengetse. PCIe 3.0 (Gen 3) ya misewu inayi yodutsamo deta imapereka pafupifupi 3,500 MB pa sekondi. Gen 4 imawirikiza kawiri, Gen 5 imawirikizanso kawiri. Manambala okoma. Koma gemu ikamaloda, SSD imangotulutsa mafayilo opanikizidwa, ndipo purosesa ndi yomwe imawamasula n'kuwakonza. Purosesa ya 15W ndiyo imachedwa, SSD imakhala ikudikira. Zili ngati kukulitsa mpopi pomwe ndowa yako ili ndi kukamwa kochepa.

Umboni ulipo. Mu 2022 Valve inasintha zolemba zake n'kunena kuti ma Deck ena a 256GB ndi 512GB akutuluka ndi SSD ya misewu iwiri m'malo mwa inayi, theka la liwiro papepala, ndipo inati poyesa sinaone kusiyana m'magemu. Anthu anakalipa sabata imodzi, kenako anaiwala, chifukwa posewera palibe ankatha kudziwa kuti yake ndi iti popanda kukafufuza m'masetingi. Ine ndikuti Gen 4, ndipo chifukwa chake sichidzakhala liwiro. Chidzakhala choti ma SSD atsopano ambiri ndi a Gen 4, ndiye ndi omwe amapezeka.

Bongololo_77
Nanga DirectStorage, njira ija yothandiza gemu kukoka zinthu mu SSD mwachangu? Ratchet & Clank: Rift Apart itabwera pa PC mu 2023 inaigwiritsa ntchito. Magemu akutsogolo adzafuna zimenezo.

Chiphaliwali
Pamenepo mwanena zomveka. Magemu opangidwira PS5 amayembekeza kukoka zinthu mwachangu uli mkati mosewera, osati poyamba pokha. Koma zimenezo zikupweteka kadi ya UHS-I ndi eMMC, sizikupweteka NVMe ya Gen 3. Mpata waukulu uli pakati pa 104 ndi 3,500, osati pakati pa 3,500 ndi 14,000. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi a Nankabai kuti chosintha chenicheni chidzakhala kadi.

Kalulu_Mjomba
Ndangofika, ndawerenga zonse. Palibe wanena za kukula? Ine ndinagula ya 64GB poganiza kuti ndachenjera, magemu onse ndiziika pa kadi. Patatha miyezi iwiri makina akuti malo atha, pomwe mkati mulibe gemu ngakhale imodzi. Ndinazunguzika mutu.

Mlenje
Shader cache imeneyo (mafayilo othandiza kujambula zithunzi za gemu), ndi mafoda a Proton, pulogalamu yoyendetsa magemu a Windows pa Deck. Gemu ikhale pa kadi, koma zinthu zimenezo zimapita ku memori yamkati. Gemu iliyonse ya Windows imapatsidwa kafoda kake konamizira Windows, ndipo ma shader amakula malinga ndi magemu omwe waika. Pa 64GB, SteamOS (pulogalamu yoyendetsa Deck) itatenga gawo lake, zotsalazo zimatha ngati mchere m'madzi. OLED itatuluka Valve inasiya kupanga ya 64GB, yotsika inakhala 256GB.

Kalulu_Mjomba
Ndinadzaikamo 1TB ndekha. Ndipo ndikuchenjezeni amene mukufuna kutsegula: chotsani kadi kaye! Ine ndinaiwala, pokanula chivundikiro chakumbuyo ndinangomva kuti thyo, kadi yaduka pakati. Magemu onse ndi masevu a emuleta, zonse zinapita tsiku limenelo.

Gogo_wa_Magemu
Pepani mjomba. Ameneyo ndi msonkho womwe ambiri analipira.

Kalulu_Mjomba
Chinandipwetekanso n'choti 1TB yanga inaoneka 931GB. Ndinayesa andibera.

Chiphaliwali
Sanakubereni. Opanga amawerenga gigabaiti ngati mabaiti 1,000,000,000, pomwe makompyuta ambiri amawerenga m'magulu a 1,024. Katundu ndi yemweyo, miyezo ndiyo yasiyana.

Namzeze
Ine ndi amene anandibera zenizeni. Ndinagula kadi yolembedwa 1TB kwa wogulitsa wina pa intaneti, yotchipa modabwitsa. Deck inakana kuifomata. Nditaiyesa pa kompyuta ndinapeza kuti zinthu zikadutsa pang'ono chabe zimayamba kufufuta zakale.

Nankabai
Chikomekome cha mkuyu. Makadi abodza amawalemba kuti azinama kukula kwake. Ubwino wake SteamOS imayesa kadi isanaifomate, mwina ndi chomwe chinakupulumutsani musanaikemo masevu. Ndipo Express ikafala, abodza ake adzabweranso, ena adzangosindikiza EX pa kadi wamba. Muziyang'ana kumbuyo, ya Express ili ndi mzere wachiwiri wa timapini.

Kadzidzi
Tibwerere ku funso la mjomba. Yotsika idzakhala ya bwanji? Baldur's Gate 3 imapempha 150GB, Starfield 125GB. Pa 256GB ukaika awiriwo sakwana n'komwe. Ine ndikuti 512GB pansi, 1TB pakati, 2TB pamwamba.

Tsokonombwe
Ine ndikuti 256GB idzakhalapobe. Valve imapeza ndalama pogulitsa magemu pa Steam, sitolo yake ya pa intaneti, ndiye imafuna mtundu umodzi wotchipa woti ukope anthu kulowa. Njira yosavuta yotsitsira mtengo popanda kukhudza purosesa ndi kuchepetsa SSD. Anachita zomwezo ndi 64GB ija. Ndipo ambiri sasewera magemu a 150GB pa Deck, amasewera tating'ono ta 2GB kapena 5GB.

Mlenje
Ikakhala 2TB pa 2230, chenjerani ndi mtundu wa memori. Kuti zambiri zikwane pa kachidutswa kamodzi, opanga ena amagwiritsa QLC, yomwe imasunga mabiti anayi mu selo limodzi m'malo mwa atatu a TLC. Powerenga simudzaona kusiyana. Koma mukamakoka gemu yaikulu, kagawo kothamanga kakadzaza, liwiro lolemba limagwa kwambiri, makamaka SSD ikakhala yodzaza kale. Apa ndi pomwe 2280 ya a Bongololo ikupambana, chifukwa pali malo oika TLC yokwanira.

Bongololo_77
Mwaona! Mlenje wavomera. Lembani tsiku la lero.

Mlenje
Ndavomera mbali imodzi yokha, musavine. Chomwe chingandisangalatse ndi soketi yokhala ndi mabowo awiri a sikuluwu, atumize ndi 2230 koma wofuna 2280 aikemo. Ngati malo alola.

Tsokonombwe
Kapena zonse ziwiri: UFS yaing'ono yowotcherera yosungira SteamOS ndi shader cache, kenako soketi ya M.2 yopanda kanthu pa mtundu wotchipa. Makina akangokhala pa menyu kapena pa kagemu kopepuka, SSD igone. Ukasintha SSD sufunikanso kuikanso SteamOS ndi fulashi.

Mlenje
Maganizo abwino papepala, koma mwawonjezera tchipi ndipo simunachotse soketi, ndiye malo omwe mumati mupulumutse aja apita kuti? Komanso purosesa iyenera kukhala yodziwa kuyankhula ndi UFS. Za mafoni zimabadwa nazo. Za AMD zomwe Deck yakhala ikugwiritsa zinazolowera NVMe.

Tsokonombwe
Ndani wati idzakhala ya AMD?

Kadzidzi
Iii a Tsokonombwe, musatiyambitse ya ARM (mapurosesa a mtundu wa m'mafoni) pano, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Gogo_wa_Magemu
Ine Deck yanga ya LCD ikugwirabe, ndipo SSD yomwe ndinaikamo ndi yachiwiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma ndifunse Mlenje: yatsopanoyo ikadzabwera ndi 2230, ndingadzachotse iyi n'kuika mmenemo?

Mlenje
Kulowa idzalowa agogo, ya Gen 3 imagwira pa soketi ya Gen 4, imangoyenda pa liwiro lake. Ngakhale soketi itakhala ya 2280 pali timaadaputa totalikitsa. Koma konzekani kuikanso SteamOS, musayembekeze kuti mungoisamutsa n'kuyaka bwinobwino pa makina ena. Sungani masevu omwe sali pa Steam Cloud musanayambe, ndipo kachophimba kachitsulo kokuta SSD kaja musakataye, kamateteza kuti isasokonezane ndi Wi-Fi.

Namzeze
Ndiye ndigule kadi ya Express panopa kuti ndikonzekere, kapena ndidikire?

Nankabai
Dikirani achemwali. Mu Deck yanu ya panoyi idzayenda pa 104 yomweyo, ndipo makadiwo akamachuluka amakula komanso kutsika mtengo. Ngati malo akuthera lero, gulani ya UHS-I yolembedwa A2 kwa wogulitsa wodalirika.

Kalulu_Mjomba
Ndipo muichotse musanatsegule makina.

Bongololo_77
Ine ndalemba kale: 2280, Gen 4 poti mwandikaniza Gen 5, Express, 1TB pakati. Tsiku lolengeza ndidzabwera kudzakufunsani mmodzimmodzi.

Mlenje
2230, Gen 4, Express. Ndikaluza ndidzakuikirani SSD yanuyo ulere, koma sikuludiraiva ya Torx mubwere nayo nokha, yanga inasowa.